"Put up": pomanga, pa ndalama, pa mlendo ndi pa kupirira

Kalaliki wa pa sayiti:
Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu a Chingerezi awa, "put up". M'makalata a ntchito za zomanga sasowa: "put up the boundary wall", "put up the scaffolding", "the client will put up the money", kwinaku "the neighbours will not put up with the dust". Kodi ndi mneni mmodzi kapena ndi angapo ongofanana kalembedwe? Nanga pa nyumba, ndi ziti zimene munganene kuti "put up" ndipo ndi ziti simunganene?

Mayi Mphunzitsi, Zomba:
Achimwene, musathamangire kumasulira "put" payekha ndi "up" payekha. Awiriwa akakumana amakhala mneni mmodzi, ndipo tanthauzo mumalipeza poyang'ana chimene chikutsatira. Chikakhala chinthu choima, monga khoma, mpanda, tenti kapena nyumba, ndiye kumanga kapena kuimika. Ukakhala mtengo wa katundu kapena lendi, ndiye kukweza. Zikakhala ndalama, ndiye kutulutsa ndalama zoti ntchito itheke. Akakhala munthu, ndiye kumupatsa pogona kwa masiku ochepa. Koma pakangobwera "with", zonsezi ziikeni pambali, pamenepo ndi kupirira.

Chinanso, "put" sasintha. Lero "put", dzulo "put", ndipo akatsatira "have" kapena "was" ndi "put" yemweyo. "They put up the wall last week." "They have put up the wall." "The wall was put up in June." Kulibe "putted up", "putted" ndi wa masewero a gofu, wochokera ku mneni wina. Zosintha ndi "puts" ndi "putting" basi, ndipo "putting" ali ndi t awiri. Popeza nthawi yakale ndi yatsopano zimalembedwa mofanana, m'lipoti muziikamo mawu osonyeza nthawi. "We put up six courses", kunena mizere isanu ndi umodzi ya njerwa, sichikunena ngati ndi dzulo kapena ndi zimene mumachita tsiku ndi tsiku.

Kapitawo, Area 49:
Mayi, gawo la zomangalo ndisiyireni ine, poti apa ndi pamene anyamata ongochoka kumene ku sukulu za ntchito zamanja amaphonya m'malipoti. Pa sayiti zimayenda chonchi: chimene chikuchoka pansi n'kuima, kapena chimene mukuchikhoma m'mwamba, ndicho cha "put up". Chimene chikulowa m'nthaka kapena kugona pansi chili ndi mneni wakewake.

Tiyambire poyambira penipeni. Kukhoma zikhomo, kukoka ulusi ndi kuwongola makona ndi muyeso uja wa 3, 4, 5 ndi "set out", osati "set up". Kukumba maziko ndi "dig" kapena "excavate the trenches". Kuthira konkire wa m'maziko, uja wa 1:3:6, kutanthauza muyeso umodzi wa simenti, itatu ya mchenga ndi isanu ndi umodzi ya kwale, ndi "pour" kapena "cast". Ntchito yonse ya maziko ndi "lay the foundation". Mukalemba "we put up the foundation" injiniya amva ndithu, koma adziwiratu kuti wolembayo ndi mlendo pa ntchito. Pepala lakuda loletsa chinyontho, DPC, limene lisatsike mamilimita 150 kuchokera pa dothi la panja, ndi "lay". Silabu ndi "cast".

Tsopano taonani apa. Njerwa imodzi imodzi ndi "lay bricks", koma chotuluka pamenepo ndi "put up a wall". Njerwa imagona, khoma limaima. Mafelemu a mawindo ndi "put in" kapena "fit", chifukwa akulowa m'bowo. Chitseko ndi "hang". Bimu yozungulira pamwamba pa mawindo ndi "cast". Mitengo ya denga yokhomeratu ya makona atatu ija ndi "put up the trusses", koma denga lonse ndi "put on the roof", chifukwa likukhala pamwamba pa chinthu china, ndipo malata ndi "fix". Siling'i ndi "put up". Matailosi a pansi ndi "lay", a pakhoma ndi "fix" kapena "put up". Mapaipi a m'nthaka ndi "lay" kapena "put in". Mjigo ndi "drill" kapena "sink". Nsanja ya thanki ya madzi, mapolo a magetsi, geti, chikwangwani cha pulojekiti, zonsezo "put up".

Kalaliki wa pa sayiti:
Zikomo akapitawo. Ndiye m'kontirakiti ndingathe kulemba "the contractor shall put up a three-bedroom house"?

Wowerengera zipangizo, Blantyre:
Musayerekeze. Chingerezicho sicholakwika, koma mawuwa ndi olankhulirana, si a m'kontirakiti, ndipo vuto lawo lalikulu ndi lakuti sanena polekezera. Mwini nyumba akawerenga "put up a house" amaona nyumba yopaka penti, magetsi akuyaka. Mmisiri amaona makoma ndi denga. Onse awiri asayina pepala limodzi koma agwirizana zinthu ziwiri, ndipo mkangano umabuka ntchito ikafika pa pulasitala.

M'zikalata za ntchito timalemba "construct" kapena "erect". "Erect" amayenera kwambiri zinthu zolumikiza zidutswazidutswa, monga zitsulo, nsanja, mpanda wa waya ndi zikwangwani. Kenako mumanena ngati zipangizo ndi za ndani: "supply and erect", "supply and fix", kapena "labour only". Ndiye mumagawa ntchito m'magawo olipirira: kuchokera pa maziko kufika pa silabu, kufika pa mawindo, kufika pa bimu, kufolera, kumalizitsa.

Titenge mpanda. "Put up a fence" sichikuuza aliyense kanthu. Lembani kuti khoma la mabuloko, mamita 30 m'litali, mamita 2 msinkhu kuchokera pa maziko. Amenewo ndi masikweya mita 60. Buloko ya mamilimita 400 m'litali ndi 200 msinkhu, kuphatikizapo mpata wa matope, imalowa 12.5 pa sikweya mita. Ndiye mabuloko ndi 750, mukaonjezera asanu pa 100 alionse a osweka ali pafupifupi 790, osawerengera a m'maziko ndi a zipilala. Zimenezi zikalembedwa, palibenso wokana.

Ndipo kwa ine "put up" amanunkhako changu. Ndi mawu a chinthu chomangidwa mothamanga, monga shedi kapena chisakasa.

Mkonzi wopuma:
Pomalizirapo ndiye sindikuvomera, bambo. Za kontirakiti mwanena zoona, koma "put up" payekha sanyoza ntchito. Amanenedwa ngakhale pa zimphona. Empire State Building ya ku New York, ya nsanjika 102, inayambika mu 1930 n'kutsegulidwa pa 1 May 1931, ndipo mzungu sangadabwe kumva "it was put up in just over a year". Changu chili mu "just over a year", osati mu mneni. Chimene ndingavomere ndi chakuti mawuwa amayang'ana pa kuima kwa chinthucho, osati pa luso kapena ulemu wake. N'chifukwa chake pa tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, mlembi wosamala amasankha "was built". "Was put up" sikulakwa, koma kukuchepetsako ntchito ya njerwa zokongola zija. Pamene pa khoma logawa pawiri mzinda wa Berlin ku Germany, limene linayamba ngati waya waminga usiku wa pa 13 August 1961, "was put up" ndiye mawu ake enieni.

Mukafuna kunyoza ntchito yothamanga, alipo mawu ake: "throw up". "Those flats were thrown up in three months." Koma chenjerani, chifukwa "throw up" wopanda pamtherankhani ndi kusanza. Winanso ndi "knock up". Pa masayiti a ku Britain "knock up some mortar" ndi kukanda matope omangira mwamsanga, koma mawu omwewo akanenedwa pa mkazi ndi chipongwe, kutanthauza kumupatsa mimba. Amene Chingerezi ndi cha kusukulu angowasiya amenewa.

Wowerengera zipangizo, Blantyre:
Ndamva akulu. Komabe pa "hastily put up" ndi "carefully put up", choyambacho ndicho chimamveka kawirikawiri.

Mkonzi wopuma:
Pamenepo tagwirizana.

Mnyamata wa Fomu 4:
Pepani makolo, ndilowererepo ndi funso la mayeso. Kodi cholondola ndi "put up the tent" kapena "put the tent up"? Mabuku ena akulemba mwina, ena mwina.

Mayi Mphunzitsi, Zomba:
Zonse ziwiri n'zolondola, mwanawe. Mneni ameneyu ndi woyambukira ndipo amalola kugawidwa, ndiye pamtherankhani akhoza kukhala pakati kapena kumapeto. Malamulo ndi awiri okha.

Loyamba, pamtherankhani akakhala mlowam'malo, monga "it", "them", "him", "her", "us", amalowa pakati basi. "Put it up." "Put them up." "Put up it" kulibe m'Chingerezi. Lachiwiri, pamtherankhani akatalika, "up" asapite kutali ndi mnzake. "They put up the fence that separates the school from the market" chikumveka. Mukamutaya "up" kumapeto kwenikweni, wowerenga amakafika atayiwala kale kuti panali "put".

Tsopano pamene ambiri amagwera m'mafunso osankha yankho ndi apa. Onani ziganizo zitatu izi:

"His uncle put him up." Amalume ake anamupatsa pogona.
"His uncle put up with him." Amalume ake anamupirira, ngakhale anali wovuta.
"His uncle put him up to it." Amalume ake ndiwo anamutuma kapena kumunyengerera kuti achite choipacho.

Mawu ndi omwewo, chasintha ndi malo a "him" ndi kamperekezi kamodzi. "Put up with" sagawidwa m'pang'ono pomwe: atatuwo amayendera limodzi, pamtherankhani kumapeto, ngakhale akhale mlowam'malo. "Put up with it", osati "put it up with". Mneni akatsatira "with" amatenga -ing: "she put up with waiting", osati "with wait" kapena "to wait". Ndipo m'funso "with" amatsalira kumapeto, musamudule: "How much noise can you put up with?"

Funso likakupemphani mawu amodzi ofanana tanthauzo, gwirani awa: pa nyumba "erect" kapena "construct", pa mitengo ya katundu "raise" kapena "increase", pa mlendo "accommodate", pa "put up with" ndi "tolerate" kapena "endure", pa woimira chipani "nominate". Mukasankha "tolerate" musaonjezerenso "with". "Tolerate with" ndi cholakwa chobadwa chifukwa chosakaniza ziwirizi, monganso "cope up with", amene wafala kwambiri kuno chonsecho cholondola ndi "cope with".

Mkonzi wopuma:
Ndionjezere cholakwa china chimene chimadzaza m'nkhani za atolankhani atsopano. Pa zomanga ndi pa mitengo, "put up" amafuna wochita ndi chochitidwa. Nyumba siyidzimanga yokha. "New houses are putting up in Area 43" n'cholakwika. Nenani "are going up" kapena "are being put up". Chimodzimodzi pa mitengo: "cement has put up" ayi. "Cement has gone up", kapena "the suppliers have put up the price of cement". Kusiyana kwake si kwa galamala yokha. "Gone up" sanena wokweza, "put up" amaloza chala. Mtolankhani akalemba kuti kampani "has put up" mitengo ayenera kukhala ndi umboni woti ndi iyodi yakweza.

Womasulira, Lilongwe:
Kwa ife omasulira, vuto ndi lakuti Chichewa chili ndi mneni wosiyana pafupifupi pa chinthu chilichonse chimene Chingerezi chachiunjika mu "put up". Nyumba ndi khoma timamanga. Mzati ndi chipilala timaimika, polo timazika. Tenti, chikwangwani ndi mashelefu timakhoma. Makatani ndi chithunzi timapachika. Positala timamata. Mbendera, dzanja ndi lendi timakweza. Ambulera timatambasula. Munthu akamamasulira paliponse kuti "kuika m'mwamba" amatulutsa Chichewa chimene palibe agogo angachimve.

Ngozi ina ili pobwerera. "Kumanga" kwathu n'kotakata kuposa "put up". Kumanga mbuzi ndi "tie", kumanga wakuba ndi "arrest", kumanga banja ndi "marry" kapena "start a family", kumanga mfundo pa msonkhano ndi "resolve" kapena "agree". "They put up a family" kapena "the meeting put up a resolution" pofuna kunena kuti anagwirizana ndi Chichewa chovala jekete la Chingerezi. Chachiwiricho n'choopsa kwambiri, chifukwa mzungu akhoza kumva kuti mfundoyo inangoperekedwa kuti ikambidwe, osati kuti inavomerezedwa.

Palinso awiri osakhudza chinthu chogwirika. "Put up a fight" ndi kulimbalimba, kusagonja msanga: "the team put up a good fight", kawirikawiri kunena timu imene yagonja koma itavuta. Ndipo "put up a candidate" ndi kuimika munthu pa chisankho.

Wowerengera zipangizo, Blantyre:
Za ndalama zija tisazidumphe, chifukwa ndi pamene kamawu kamodzi kamadyetsa munthu chuma. "Put up the money" ndi kutulutsa ndalama zoyendetsera ntchito, kaya zonse kaya gawo: "the parents put up half and the church put up the rest". Sizikunena ngati ndi mphatso, ngongole kapena sheya, ndiye kalata inene poyera. "Put down a deposit" ndi kulipirako pang'ono poyamba kuti akusungireni chinthu. "Put up the plot as security" ndi kuika puloti ngati chikole ku banki. Mukalephera kubweza, apita nayo. "Put up the plot for sale" ndi kuitsatsa kuti igulidwe. Puloti ndi yomweyo, kusiyana kuli pa "as" ndi "for". "Put up bail" ndi kupereka ndalama za belo.

Pa matenda a ntchito, ndikunena ma tender osati a kuchipatala, mwini ntchito ndiye amachita "put the work out to tender", kontirakitala amachita "put in a bid". "Put up a bid" si kalembedwe ka akadaulo. Ndipo ntchito ikaimitsidwa kudikira kuti mvula ithe ndi "put off".

Mchemwali wa ku Leeds:
Kuno ku Britain mawu amenewa ndi a tsiku lililonse, ndiye obwera kumene aziwatchera khutu. "The landlord is putting the rent up in April" ndi kukweza lendi, ndipo Angerezi amakonda kumuika "up" kumapeto choncho. M'makalata ambiri a lendi muli mawu oletsa "putting up shelves or pictures" popanda chilolezo, chifukwa mabowo a pakhoma amadulitsa dipoziti potuluka. Ku England, mpanda wa panyumba nthawi zambiri safuna chilolezo cha khonsolo ngati sukupitirira mamita 2, kapena mita imodzi ngati wayandikana ndi msewu wa galimoto, ndiye funso loti "do I need permission to put up a fence?" limamveka kwambiri.

"I can put you up for a couple of nights" ndi mausiku awiri atatu, pa sofa kapena m'chipinda cha alendo. Si kuti bwerani ndi masutikesi mukhazikike. "Put your feet up" ndi kupuma. M'chipatala anamwino amauza odwala kuti "don't put up with the pain, tell us", kutanthauza musamangopirira chamumtima. Olemba IELTS, mayeso a Chingerezi a ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, pa mayeso olankhula "put up with" amakometsa, koma pa chimangirizo cha Task 2, gawo lachiwiri la mayeso olemba, "tolerate" ndi "construct" ndiwo oyenera.

Kalaliki wa pa sayiti:
Nanga "where are you putting up?" amene timafunsana kuno uja? Ndi Chingerezi chenicheni?

Mayi Mphunzitsi, Zomba:
Chili ndi pochokera. Kale ku Britain ankati "we put up at an inn for the night", kutanthauza kugona pa malo ogona alendo uli pa ulendo. Kumeneko kanenedweka kanakalamba, koma ku India ndi m'maiko angapo a mu Africa muno kanatsala n'kukula mpaka kutanthauza kukhala. Nyuzipepala zathu zimalemba za anthu othawa madzi osefukira kuti "are putting up at a primary school", ndipo aliyense amamva. Ine sindikutcha kulakwa pocheza. Koma pa mayeso, kapena polankhula ndi wa kunja, gwiritsani "where do you live?" ngati mukufunsa kwawo kokhazikika, "where are you staying?" ngati ndi kwa masiku ochepa. Mngelezi wa lero mukamufunsa "where are you putting up?" amadikira kuti mumalize: putting up chiyani?

Mchemwali wa ku Leeds:
Zoona mayi. Ena amayesa mwafunsa za mashelefu.

Kapitawo, Area 49:
Tikambeko zotsutsana nazo, chifukwa apa cholakwa chimaoneka ndi maso, katundu ataonongeka. Ambiri amaganiza kuti popeza "up" amatsutsana ndi "down", ndiye kuchotsa ndi "put down". Ayi. "Put down" ndi kutula chimene wanyamula, kulemba, kulipira dipoziti, ngakhale kupha chiweto chodwala. Pa zomanga pali magulu awiri.

Kuphwasula mosamala kuti zipangizo zigwirenso ntchito ndi "take down" kapena "dismantle". Kugumula ndi "knock down", "pull down", "tear down" kapena "demolish". Pokonzanso nyumba yakale, mukawalembera anyamata "knock down the old roof" pamene mumafuna malata ndi matabwa zisungidwe, akwera ndi hamala ndi chitsulo chozulira, malata atsika ong'ambika pa misomali. Lembani "carefully take down and set aside for reuse". Kalata ya khonsolo ikanena "pull down" pa nyumba yomangidwa popanda chilolezo, musayembekeze kuti akutanthauza kuchotsako pang'ono.

Nsanja yoimapo amisiri ndi "put up" kapena "erect", pochotsa "take down" kapena "strike". Poimika, miyendo ikhale pa thabwa lochindikala, osati pa njerwa zosanjikiza, chifukwa njerwa imasweka kapena kutitimira mvula ikagwa. Makwerero apendekeke mita imodzi pansi pa mamita anayi alionse okwera. Matabwa ogwira konkire nawonso pochotsa ndi "strike" kapena "strip". A m'mbali mwa bimu ndi zipilala akhoza kuchoka pakatha tsiku limodzi kapena awiri, koma mitengo yochirikiza pansi pa silabu ya m'mwamba isachoke masabata awiri asanakwane, ndipo pa bimu yaitali dikirani atatu, pokhapokha injiniya atanena zina. Konkire amafika mphamvu yake yowerengeredwa pa masiku 28. Mnyamata akamva "take down the props" pamene kapitawo ananena "take down the side boards", silabu imapindika pakati ndipo siyidzawongokanso.

Mnyamata wa Fomu 4:
Nanga "build up" ndi "set up"? M'mafunso amakonda kuwaika pamodzi ndi "put up" ngati mayankho osankhapo.

Mkonzi wopuma:
Amawaika dala, podziwa kuti "build" akukokani. "Build up" kawirikawiri sanena za kumanga nyumba. Ndi kukula kapena kuunjikana pang'onopang'ono: "build up savings", "build up strength", "traffic builds up", "silt builds up in the drain". "They built up a house" si Chingerezi chabwino. Ndi "built a house" kapena "put up a house". Pamene amakhudza nyumba ndi pa "a built-up area", dera lodzaza nyumba, mawu amene mumawapezanso m'malamulo a pamsewu pa nkhani ya liwiro. "Set up" ndi kukhazikitsa kapena kukonzekeretsa kuti chiyambe kugwira ntchito: kampani, komiti, kompyuta, msasa. Ndiye kontirakitala "sets up a company", "builds up a reputation", "puts up a block of flats". Pa tenti ndi pamene "set up" ndi "put up" amakumana, onse amaloledwa, ndipo palinso "pitch".

Ena awiri ongodziwa. "A put-up job" ndi chinthu chokonzeratu mwachinyengo, monga mpikisano umene wopambana anadziwika kale; pamenepa pali kamzere pakati chifukwa ndi mfotokozi. "Put up or shut up" ndi kuuza munthu kuti achite zimene akudzitamazo kapena akhale chete. Ndi mwano, osanena kwa bwana.

Womasulira, Lilongwe:
Pa zolemba zochokera ku America muzichenjeranso. Kumeneko "put up tomatoes" kapena "put up peaches" ndi kusunga zakudya m'mabotolo kuti zidzadyedwe nyengo ina, ndipo kum'mwera kwa dzikolo "put up your toys" ndi kulongedza, kubwezera m'malo mwake. Pa kukweza mitengo iwo amakonda "raise".

Mnyamata wa Fomu 4:
Ndiyeseko, mundikonze.
1. The builders put up a three-metre wall in one day.
2. The notice is ready, please put up it.
3. My aunt put up with me for two nights when I went for interviews.
4. The shop has put up the price of iron sheets.
5. The old market was put down last year.

Mayi Mphunzitsi, Zomba:
Choyamba ndi chachinayi zili bwino. Chachiwiri, mlowam'malo alowe pakati: "put it up". Chachisanu, "pulled down" kapena "knocked down". Chachitatu galamala yake ndi yolondola, koma wanena kuti azakhali ako anakupirira kwa mausiku awiri, ngati unali mtolo. Ngati umafuna kunena kuti anakusunga, ndi "put me up for two nights". Usadzawalembere "put up with me" m'kalata yothokoza.

Kapitawo, Area 49:
Mayi apereka mamalikisi pa chiganizo choyamba chija, koma ine pa sayiti ndikanachikana. Khoma la njerwa lisakwere kupitirira mita imodzi ndi theka pa tsiku. Matope a m'mizere ya pansi amakhala asanagwire, ndiye kulemera kwa pamwamba kumawafinya, mizere imapindika ndipo khoma limatuluka mimba. Likakhala la mpanda loima palokha, mphepo ya madzulo ikhoza kuligwetsa lisanaume. La mamita atatu ligaweni masiku awiri kapena atatu, muzilithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa sabata, ndipo pa msinkhu umenewo lisakhale la njerwa imodzi yogoneka m'litali: likufunika lochindikala, zipilala pafupipafupi, ndipo maziko ake aonedwe ndi injiniya. Ndiye mwanawe lemba kuti "in three days".